Midzi Yogona Pansi pa Scarborough

(Kanyimbo kotsegulira, kenaka kazilala)

  Lero tikamba za anthu amene amaswera atagwada m'dothi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kufukula zimene adasiya anthu a makedzana. Tiyambire pa dzina la dera lino la Scarborough, kuno ku Toronto. M'chaka cha 1793 Elizabeth Simcoe, mkazi wa bwanamkubwa woyamba wa Upper Canada, adaona maphompho aatali a m'mbali mwa nyanja ya Ontario, ndipo adamukumbutsa tauni ya Scarborough ya ku Yorkshire, ku England. Dzina lidachokera pamenepo. Ku Scarborough ya ku England ija, pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja, pali maziko a nsanja imene asilikali a Aroma adamanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, yoti azionerapo adani obwera pa ngalawa. Akatswiri adaifukula m'zaka za m'ma 1920, ndipo mbali ina ya malowo idagumukira m'nyanja. Ku Scarborough yathu ino Mroma sadapondeko. Kulibe linga lake, kulibe mwala wosema, kulibe ndalama yachitsulo ya mutu wa Kaisara. Komatu ofukula zakale agwira ntchito kuno kwa zaka makumimakumi, ndipo pansi pa minda ndi m'mphepete mwa mitsinje apeza midzi yathunthu.

Mfundo imene ndikufuna kuiteteza lero ndi imodzi. Wofukula zakale amawononga malo amene akuwaphunzira. Mlimi akalakwitsa chaka chino adzakonza chaka chamawa, dokotala akakayikira chithunzi cha m'chifuwa angathe kujambulanso, koma dothi limene lachotsedwa pabwinja silibwerera mwakale. Madzi akatayika sawoleka. Chotsala ntchito ikatha ndi zolembedwa zokha: mapu, zithunzi, ndi manambala a patimatumba. Nchifukwa chake ndikunena kuti kuchedwa kwa ofukula, kumene odutsa mumsewu amadabwa nako ndipo eni ntchito zomangamanga amadandaula nako, ndiye mtima wa ntchito yonseyo. Phale lotuluka m'thumba la munthu ndi phale chabe. Phale lomwelo likadziwika kuti lidali padzala liti, pansi pa phulusa liti, pafupi ndi njere iti ya chimanga, limasanduka mboni yoti n'kuifunsa mafunso. Ndipo kudekha kumeneku mudzi wa nsichi ndi makungwa ukufunika mofanana ndi linga lamiyala la Aroma, mwinanso koposa.

Tipite kaye kulinga la Aroma, popeza ndi kumene maganizo a ambiri amathamangira akamva za kufukula. Kumpoto kwa England, pafupi ndi khoma limene mfumu Hadrian adayamba kumangitsa m'chaka cha 122, kuli malo otchedwa Vindolanda. Kumeneko asilikali adamanga linga kokwana 9, lina pamwamba pa linzake, kuyambira cha m'ma 85. Gulu latsopano likafika linkagwetsa zakale, n'kutsira dongo pamwamba, ndipo dongolo lidatsekera mpweya kunja kotero kuti zikopa, nsalu ndi matabwa sizidawole. Chaka ndi chaka, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala, anthu ongodzipereka amapita kukathandiza akatswiri, ndipo tsiku lawo ndi la ndowa, wilibala, matope ndi mawondo opweteka. M'chaka cha 1973 Robin Birley adatola m'matopemo timatabwa tiwiri tomatana, topyapyala ngati khungwa, ndipo atatilekanitsa adaona zilembo za inki. Posakhalitsa timatabwato tidada ndi mpweya, zilembo n'kubisika, mpaka zidaonekanso pojambula ndi kuwala kwa infrared. Kuchokera pamenepo papezeka timakalata mazanamazana. Ina ndi ya mayi Claudia Severa, yoitanira mnzake Sulpicia Lepidina kuphwando la tsiku lake lobadwa, cha m'ma 100. Ina imatchula masokosi, nsapato ndi zovala zamkati zimene wina adatumizira msilikali. Munthu wafosholo wothamangira kumaliza ndime akadaponya timatabwato muwilibala ngati zinyalala. Akadatitola koma osalemba kuti tidali m'dothi la linga liti mwa 9 aja, tikadatha kuwerenga mawu ake, koma zikadavuta kudziwa nyumba, nthawi ndi gulu la asilikali limene mawuwo adachokera.

Tibwerere kuno, pa 17 Ogasiti 1956. Nthawi imeneyo Scarborough inkachoka msangamsanga ku minda n'kusanduka tauni, ndipo makina ankagumula kaphiri ka Tabor Hill, pafupi ndi pamene Bellamy Road imakumana ndi Lawrence Avenue, kutengapo dothi la ntchito ya msewu wa Highway 401. Makinawo adatulutsa mafupa a anthu. Ntchito idaima, ndipo Walter Kenyon wa ku Royal Ontario Museum adabwera kudzayang'anira kufukula. Padapezeka maenje awiri momwe mudali mafupa a anthu pafupifupi 500, oikidwa pamodzi zaka zoposa 600 zapitazo. Kuchuluka kumeneku kungaganizitse munthu za nkhondo kapena mliri, koma chifukwa chake ndi china. Anthu a mtundu wa Wendat ndi makolo awo adali ndi mwambo woti mudzi ukamasamuka ankafukula abale amene adamwalira pa zaka za pamudzipo, kuyeretsa mafupa awo, n'kuwaika m'dzenje limodzi, kuti amene adadyera limodzi agonenso limodzi. Wansembe Jean de Brébeuf adaonerera mwambo wotere ku Ossossané m'chaka cha 1636 n'kuulemba. M'chaka chomwecho cha 1956 ophunzira a University of Toronto adafukula bwinja la mudzi m'chigwa cha Highland Creek, pafupi ndi Brimley Road, n'kupeza mapale, misonga ya mivi ndi zidutswa za akaliwo. Tabor Hill idapulumuka chifukwa mafupa ochuluka chotero sabisika. Mudzi wongotsala madontho akuda m'dothi katapila amaumeza wonse m'mawa umodzi, popanda ndi mmodzi yemwe wozindikira kuti pali chimene chatayika.

Lero zinthu zidasintha. Boma la Ontario lidakhazikitsa lamulo loteteza zakale, Ontario Heritage Act, m'chaka cha 1975, ndipo kuyambira 2011 pali ndondomeko yolembedwa imene wofukula aliyense wokhala ndi laisensi ayenera kutsata. Munthu akafuna kumanga pamalo oganiziridwa kuti padakhalapo anthu akale, makamaka pafupi ndi madzi, ntchito imayamba mu ofesi, kuwerenga mapu akale ndi malipoti a mabwinja oyandikana. Ikafika kumalo enieniwo, ngati ndi munda amaulima, kudikira mvula kuti itsuke zibuma, kenaka anthu amandandalika motalikirana mamita 5, n'kumayenda pang'onopang'ono maso ali pansi ngati ozula bowa. Pamene pulawo singalowe amakumba timaenje ta masentimita 30 m'mimba mwake pa mamita 5 aliwonse, ndipo dothi lonse limadutsa pasefa yamawaya ya mabowo a mamilimita 6. Munthu angathe kukumba timaenje totere sabata yamtunthu osapeza ndi kaphale komwe, ndipo kusapezako nako kumalembedwa, chifukwa ndi kumene kumaonetsa pothera mudzi. Pakapezeka zinthu amatchera zingwe n'kukumba mabwalo a mita imodzi mbali zonse kuti adziwe kukula ndi kufunika kwa bwinjalo. Pomaliza pamakhala chisankho: kulilambalala n'kuliteteza, kumene ndondomekoyo imaika patsogolo, kapena kulifukula lonse nyumba zisanamangidwe.

Njira yachiwiriyi ndi imene idatsatidwa pabwinja la Alexandra, kumpoto kwa Scarborough pafupi ndi L'Amoreaux Park, limene kampani ya Archaeological Services Inc. idafukula m'zaka za 2000 ndi 2001. Tiyeni tikhalitse pa tsiku la ntchito pamalo ngati amenewa, chifukwa umboni wa mfundo yanga uli pamenepo. Nyengo yake ndi yaifupi. M'nyengo yozizira nthaka imauma gwa ngati mwala, choncho kukumba kumayamba chipale chikasungunuka, n'kutha chisanu chisanabwerere cha mu Novembala. Pakatipo pali dzuwa loswa mtengo la Julayi, udzudzu, nkhupakupa, ndi chitsamba choyabwa chija amati poison ivy, chimene aliyense wodziwa chitedze angachipatse ulemu. Dothi lapamwamba, limene mapulawo a alimi ochokera ku Ulaya adatembenuza kwa zaka zoposa 100, ndi losokonezeka kale. Ofukula akatengako lokwanira kusefa, lotsalalo amalichotsa ndi makina a chopalira chopanda mano, katswiri ataima pomwepo n'kumalozera woyendetsa pofunika kulekeza. Apa mpofunika kumvetsa kuti makinawo paokha alibe mlandu. Kusiyana kwa 1956 ndi 2000 ndi maso a munthu woima pambali pake, amene ali ndi mphamvu yokweza dzanja kuti injini iime.

Makina akachoka, anthu amalowa ndi mafosholo onola, n'kumapala mopepuka ngati wometa mwana, mpaka dothi loyererako lapansi lionekere bwino. Pamenepo m'pamene mudzi umayamba kuyankhula. Pamatuluka timadontho takuda tozungulira, tina tosaposa pakamwa pa kapu. Kadontho kalikonse ndi pamene padazikidwa nsichi, imene idawolera momwemo kapena kuzulidwa, dzenje lake n'kudzaza dothi lakuda. Kalikonse kamaikidwa chizindikiro, kuyezedwa, n'kulowa pamapu, ndipo timadontho zikwizikwi tikalumikizana papepala nyumba imaonekera: makoma ake, khomo lake, mzere wa malo osonkhapo moto pakati, ngakhale pamene banja litakula adagumula khoma n'kuwonjezera chipinda. Dzuwa likakula dothi limauma, timadontho n'kuzimirira pamaso pa anthu, motero amawaza madzi n'kuphimba ndi mapepala apulasitiki. Dzenje la phulusa kapena losungiramo chakudya salifukula lonse kamodzi. Amalidula pakati, kuchotsa theka ndi kampeni kaja amisiri omanga amapakira matope, kuti aone m'mbali mmene dothi lidasanjikizirana, n'kulijambula theka linalo lisanakhudzidwe. Mtundu wa dothi amaufananiza ndi timabokosi ta mitundu ta m'buku la Munsell, kuti kufiirira kwa m'maso mwa uyu kusasiyane ndi kwa m'maso mwa uyo. Wongodutsa amaona anthu akuluakulu atazungulira kadzenje, wina pensulo ili m'manja, n'kumaganiza kuti ntchito yaima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malo olemera kwambiri pabwinja ndi padzala. Munthu amasamala zimene amaonetsa alendo, koma padzala amataya zoona zokhazokha: mphika wosweka, mafupa a nsomba ndi a mbawala, nkhwangwa yamwala yobuntha, kaliwo wothyoka. Chilichonse chimalowa m'kathumba kolembedwa nambala ya bwalo ndi kuzama kwake, ndipo kathumba kotaya nambala kataya theka la phindu lake. Dothi lina la m'maenje amalitsira m'madzi n'kulitakasa. Mchenga umamira, njere zopserera zimayandama, ndipo amaziwola ndi kansalu n'kuziyanika kuti katswiri wa zomera adzaziwerenge pa maikulosikopu. Chisanu chikagwa ntchito imasamukira m'nyumba, kumene anthu amatsuka mapale ndi timiswachi, kuwalemba m'kaundula, n'kuyerekeza zokongoletsa za m'milomo ya miphika, pakuti zokongoletsazo zinkasintha ndi mibadwo ndipo zimathandiza kudziwa mudzi umene udayamba ndi umene udatsatira. Kwathu nakonso akatswiri amasiyanitsa mibadwo ndi mapale a Nkope, a Kapeni ndi a Mawudzu. Miyezi ya m'nyumba imeneyi kawirikawiri imaposa ya kumunda.

Ku Alexandra ntchito yotereyi idatulutsa nyumba zazitali zosachepera 16, timanyumba tokumbidwa pansi tofukiramo nthunzi, ndi zinthu pafupifupi 20,000. Mudziwo udalipo cha m'ma 1350, ndipo anthu ake akuyerekezedwa kuti adali pakati pa 800 ndi 1,000. Anthu a midzi yotere ankalima chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, kuwonjezerapo fodya ndi mpendadzuwa. Mmalawi akamva zimenezi adziwa kale chifukwa chake nyemba zimayanga pa phesi ndipo masamba a dzungu amaphimba nthaka. Chodabwitsa n'chakuti anthu a ku Scarborough ankasinja chimanga makolo athu Amaravi asanachione n'komwe, popeza chidafika ku Africa ndi zombo za ochokera ku Ulaya pambuyo pa chaka cha 1500. Afalansa amene adakhala pakati pa a Wendat m'zaka za m'ma 1600 adapeza kuti fuko linkatsata kwa mayi, ndipo nyumba yaitali inkasunga mbumba imodzi, mwamuna n'kukakhala kwa mkazi monga mwa chikamwini. Nthaka ikaguga ndipo nkhuni zikatalikira, patapita zaka 10 mpaka 30, mudzi unkasamuka. Zinthu 20,000 zija zikadangotoledwa m'matumba a chimanga, popanda mapu a timadontho, sitikadadziwa kuchuluka kwa nyumba, ndipo chiwerengero cha anthu chikadakhala chongopeka.

Wina anganene kuti: zonsezi tamva, koma linga la Aroma lili ndi makoma oti alendo n'kukaona, pamene pano mwatopa miyezi yambiri chifukwa cha madontho. Kodi si kuthira mchere wambiri m'ndiwo zochepa? Yankho langa ndi lakuti mwala umapirira wofukula wosasamala, pamene dontho silipirira. Khoma la Aroma mukhoza kulikumba moipa, mawa lidzakhalapobe kuti wina aliyeze. Dontho mukalipala mopitirira ndi chala chimodzi, nyumba yapita. Kuwonjezera apo, Aroma adasiya mabuku, malamulo ndi mayina osema pamiyala, kotero kuti fosholo imangowonjezera pa zodziwika kale. Anthu a ku Alexandra adasiya mbiri yawo m'kamwa mwa zidzukulu zawo ndi m'dothi, ndipo dothilo likatayika mboni imodzi mwa ziwirizo yafa. Ife Amalawi maganizo oyeza mtundu wa anthu ndi kutalika kwa makoma ake tiyenera kuwakayikira kuposa wina aliyense, chifukwa makolo athu nawonso adamanga ndi mitengo, udzu ndi dothi. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kulibe nsanja yoti n'kuijambula. Koma Yusuf Juwayeyi atafukula padzala la likulu lakale la Amaravi limeneli adapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, umboni wakuti likululo linkachita malonda ofika kunyanja ya mchere ndi kutsidya kwake. Zimenezi adazilongosola m'buku lake la m'chaka cha 2020, pozilumikiza ndi mbiri yapakamwa ya Achewa.

Chotsutsa chachiwiri ndi cholemera kuposa choyamba, ndipo aliyense wolipira lendi ku Toronto akuchimva m'thupi. Mzinda uno ukusowa nyumba. Wolipira ofukula ndi mwini ntchito yomanga, ndipo ndalama zimenezo pamapeto pake zimalowa mumtengo wa nyumba. Mwezi uliwonse wopala dothi ndi mwezi umene banja lina likupanikizana m'chipinda chapansi. Palinso chodetsa nkhawa china: wofukula akamalipidwa ndi munthu wofuna kuti achoke msanga, mayesero othamanga amakhalapo, ndipo malipoti ambiri amathera m'kaundula wa boma, zinthu n'kumagona m'makatoni osatsegulidwa. Zimenezi sindizikana. Koma kuchedwa kwa womanga kumawerengeka ndi miyezi, pamene kutayika kwa bwinja n'kwa muyaya, ndipo malo ambiri amayezedwa n'kumasulidwa pa masitepe oyambirira popanda kufukula kwakukulu. Za makatoni aja, tamverani zimene zidachitika kumpoto kwa Scarborough, ku Whitchurch-Stouffville, kumene pakati pa 2003 ndi 2005 kudafukulidwa mudzi waukulu wa Mantle, wa nyumba zazitali 98, umene tsopano umatchedwanso Jean-Baptiste Lainé. Poyamba akatswiri adauika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500. M'chaka cha 2018 gulu la Sturt Manning wa ku Cornell University ndi Jennifer Birch wa ku University of Georgia lidafalitsa zotsatira za kuyeza kaboni m'zomera zopserera, monga njere za chimanga, zochokera m'midzi imeneyi, ndipo mudziwo udasunthira kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1600. Mbiri ya nkhondo, mgwirizano wa mafuko ndi kufika kwa katundu wa ku Ulaya idayenera kuganiziridwanso. Nthawi imeneyo pamalopo padali patamangidwa kale nyumba. Kuyezako kudatheka chifukwa wina, zaka zoposa 10 m'mbuyomo, adaleza mtima n'kulemba nambala pakathumba ka njere zakuda.

Chotsutsa chachitatu ndi chimene chimandikhudza kwambiri, ndipo sindinganene kuti ndachigonjetsa. Mchewa sapita kumanda mwachisawawa. Amayamba wapempha kwa amfumu, ndipo okumba ndi adzukulu, pa nthawi yake ndi mwambo wake. Tsono munthu woleredwa chotero akamva kuti akatswiri adatulutsa mafupa a anthu mazanamazana, kuwayeza ndi kuwawerenga, ali ndi chifukwa chofunsa kuti: kulemba bwino manambala kumachotsa bwanji mlandu wofukula agogo a eni? Sikuchotsa. Mafupa a ku Tabor Hill adabwezeredwa m'kaphiri komweko mu Okutobala 1956, pamwambo wotsogozedwa ndi akuluakulu a mitundu ya eni nthaka yotchedwa Six Nations, ndipo m'chaka cha 1961 adaimikapo mwala wachikumbutso. Ena ambiri sadaone mwayi wotero. Mafupa ofukulidwa m'manda osiyanasiyana a kummwera kwa Ontario adakhala m'mabokosi ku University of Toronto kwa zaka makumimakumi, pamene eni ake alipo. A Wendat adabalalitsidwa ndi nkhondo ndi matenda m'zaka za 1649 ndi 1650, koma sadathe; zidzukulu zawo zili ku Wendake, pafupi ndi mzinda wa Quebec. Mu Sepitembala 2013, atakambirana kwa zaka zambiri, adalandira mafupa a makolo awo 1,760 n'kuwaikanso m'manda pamalo otchedwa Thonnakona, ku Vaughan. Masiku ano pamabwinja ambiri pamakhala nthumwi za mitundu ya eni nthaka, zoona ndi maso awo chilichonse chotuluka m'dothi.

Chotsutsa chimenechi chimaikulitsa mfundo yanga m'malo moigwetsa. Ngati kufukula n'kuwononga, ndiye kuti kudekha kuyenera kuyamba fosholo isanakhudze nthaka, pofunsa eni ake ngati pakumbidwe n'komwe. Wofukula amene amayeza dontho mosamala koma osapeza nthawi yokhala pansi ndi zidzukulu za womanga nyumbayo akadali wothamanga. Apa pali mawu kwa inu abale amene mumagwira ntchito zomanga, zokumba ngalande kapena zosamalira kapinga m'dera lino. Mukakumana ndi mafupa ooneka ngati a munthu, lamulo la Ontario limafuna kuti ntchito iime ndipo apolisi kapena woona za imfa adziwitsidwe. Mukaona mapale kapena msonga wa muvi, musatole kuti mukaike pawindo kunyumba; kuchotsa zinthu pabwinja popanda laisensi n'kulakwira lamulo, ndipo mwamva kale chimene phale limataya likachoka pamalo pake. Jambulani ndi foni, zindikirani malowo, n'kudziwitsa oyang'anira ntchito. Inunso a kumudzi, mukamakumba maziko kapena dothi la njerwa n'kupeza miphika yakale, mikanda kapena zotsalira za ng'anjo, dipatimenti yoona zakale ndi zipilala ilipo chifukwa cha zimenezo.

Kum'mawa kwenikweni kwa Scarborough, pamtunda woyang'ana pamene mtsinje wa Little Rouge umathira mu Rouge, pali malo otchedwa Bead Hill. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 padali mudzi wa anthu a mtundu wa Seneca, umene akatswiri amaulumikiza ndi dzina la Ganatsekwyagon lopezeka pamapu a Afalansa, poyambira njira ya malonda a zikopa yolowera kumpoto. Ofufuza adangokumbapo pang'ono, mokwanira kudziwa kuti mudziwo ulipo ndipo sudasokonezedwe kwambiri, n'kulekera pomwepo. M'chaka cha 1991 boma la Canada lidauika m'gulu la malo a mbiri ya dziko, ndipo lero uli mkati mwa Rouge National Urban Park. Zida zoonera pansi pa nthaka popanda kukumba zikunka zikupita patsogolo, ndipo mafunso amene adzafunsidwe zaka 50 zikubwerazi sitingawadziwe lero. Magalimoto a pa Highway 401 amadutsa chapafupi usana ndi usiku. Pamtundapo pali mitengo ndi udzu, ndipo madontho a nsichi, dzala ndi mikanda imene idapatsa malowo dzina zikadali m'malo mwake, pamene eni ake adazisiya.

 

(Kanyimbo kotsekera)